Sitolo ya agogo ku Old Town: tigwetse, tisunge kapena timange kumbuyo?

Nkhani ya sitolo inabuka tsiku lomwe tinavundukula chiliza cha agogo. Unali mwezi wa Julaye, kuzizira kwa Mzuzu kuja koti tiyi amapola usanamalize kutakasa shuga. Titachoka kumanda tinasonkhana pa khonde la sitoloyo, ena pa benchi, ena pa makatoni. Amalume, omwe ndiwo mwinimbumba, anagogoda chipilala cha khonde ndi ndodo yawo, chibenthu cha pulasitala n'kugwa.

"Mwaonatu," anatero. "Nyumbayi yatha. Tigwetse, timange yosanja ngati anzathu."

Mayi aang'ono sanakweze mawu. "Achimwene, njerwa izi bambo anaumba okha. Inu munali kamwana, mumangotunga madzi."

Msuweni wanga wa ku Johannesburg, yemwe ankamvetsera pa foni, anafunsa chimodzi chokha: "Kodi ikubweretsa zingati pamwezi?"

Palibe anayankha, chifukwa yankho lake linali lochititsa manyazi. Mapeto ake anandituma ine, poti ndine ndimakhala kuno, kuti ndifufuze njira zonse n'kudzafotokoza banja likadzakumananso.

Agogo anabwera kuno kuchokera ku Ntchisi kudzagwira ntchito m'minda ya tung, ndipo sitoloyi anaimanga chakumapeto kwa zaka za m'ma 1960 ndi tindalama tomwe anasunga. Si nyumba yoti mlendo angaime n'kuijambula. Njerwa zootcha zomangira dothi, khonde lalitali la zipilala zinayi, denga la malata, mazenera a chitsulo, pansi pofiira popaka kobra, ndi kauntala ya mlombwa yomwe inakumbika pakati chifukwa cha sikelo ndi zigongono za ogula. Kumbuyo kuli zipinda ziwiri zomwe banja linkagonamo, kenako bwalo lalikulu lomwe pano mukudya nkhuku za aneba. Nyumba zotere zikadalipo mumzinda muno, ndipo mabanja ambiri ali pa mkangano wonga wathuwu.

Pofufuzapo ndinamva kangapo mawu akuti, "Zakale zili ku Zomba ndi ku Blantyre, kuno ku Mzuzu kulibe." Ndi zoona kuti Mzuzu ndi mwana. Tauniyi inamera chakumapeto kwa zaka za m'ma 1940 mozungulira esiteti ya mitengo ya tung, yomwe mafuta ake ankapangira penti ndi vanishi. Kenako boma linasamutsira kuno likulu la chigawo cha kumpoto kuchokera ku Mzimba, ndipo mu 1985 Mzuzu anakwezedwa kukhala mzinda. Pofika kalembera wa 2018 anthu anali atapitirira 220,000. Mandala House ya ku Blantyre ndi ya 1882. Ngakhale mishoni ya Ekwendeni, pafupi pomwepa, inayamba mu 1889, kuno kukadali tchire. Koma ubwana womwewu ndi umene ukupatsa Mzuzu mwayi umene mizinda inayo inataya kale: nyumba zoyamba za tauni zikadali chiimire, ndipo ana a anthu amene anazimanga akadali moyo, akhoza kukulozera kuti apa panali chakuti. Tikazigwetsa zonse, mwana wobadwira ku Mchengautuwa adzakula akuganiza kuti Mzuzu anayamba tsiku lomwe anatsegula Shoprite.

Musanasankhe, kwerani kudenga

Ichi ndicho ndinaphunzira choyamba: banja lathu linkakangana za nyumba yomwe palibe anaiyang'anitsitsa. Amalume anaona pulasitala wogwa, mayi aang'ono anaona bambo awo. Ndinalipira injiniya kuti tiyendere limodzi, ndipo ndalama imeneyo ndiyo sindidandaula nayo m'pang'ono pomwe.

Anayambira kunja, akuyang'ana pansi. Anandionetsa kuti msewu ndi dothi la m'mbali zinakwera m'kupita kwa zaka, moti khoma la kumbuyo linali litakwiririka pafupifupi njerwa zitatu. Madzi a padenga ankagwera patsinde pa khoma n'kudikha pomwepo. Mvula ya Mzuzu mumaidziwa: kwina ikaleka kuno imapitirira mpaka Epulo, ndipo m'miyezi yozizira kumabweranso kamvula kowaza kosatha. Khoma lotere silipeza mpata wouma. Kenako anakwera m'siling'i ndi tochi ndi msomali wautali, akubaya mtengo uliwonse. Pomwe msomali wakana, mtengo uli bwino. Pakona imodzi msomali unangolowa ngati mu mbatata yophika, ndipo tinaona njira za chiswe zitakwera khoma kuchokera pansi. Ming'alu anaigawa pawiri: yopyapyala ngati tsitsi anati ndi ya pulasitala chabe, koma umodzi wotsika ngati masitepe motsata mizere ya njerwa anaulemba ndi pensulo mbali zonse, n'kuika tsiku. "Mudzayeze pakatha miyezi itatu. Ukakula, maziko akuyenda. Ukapanda kukula, unayenda kale, unakhazikika." Sunakule.

Anandichenjezanso ziwiri. Nyumba zambiri za nthawi imeneyo zili ndi malata kapena siling'i ya asbestos, yomwe fumbi lake limawononga mapapo. Si yophwanya ndi hamala kapena kudula ndi sowo. Chachiwiri ndi nthambo za magetsi, zomwe kwathu zinali zolumikizalumikiza ngati ukonde wa usipa.

Chigamulo chake chinali chakuti makoma ndi olimba, denga ladwala pakona imodzi, khoma la kumbuyo likumwa madzi. Apa ndiye njirazo zinayamba kuyerekezeka.

Kugwetsa n'kumanga yosanja

Ndiyambe ndi ya amalume, ndipo ndisaipeputse, chifukwa ili ndi nzeru zake. Malo a pakati pa tauni ndi odula, ndipo nyumba ya pansi yokha imadya malo ambiri n'kubweza lendi yochepa. Nyumba yatsopano imabwera ndi zimbudzi zokwanira, poimika magalimoto, polowera anthu oyenda pa njinga za olumala, magetsi abwino. Makampani akuluakulu amafuna zoterezi, ndipo banki imamvetsa msanga pulani ya nyumba yatsopano kusiyana ndi nkhani yokonza yakale.

Vuto lili pakati pa tsiku logwetsa ndi tsiku lolandira lendi yoyamba. Kugwetsa kumatha sabata imodzi. Kumanga kumadalira simenti, zitsulo ndi magalasi, zomwe mitengo yake imatsata dola. Kwacha inatsitsidwa mphamvu ndi 25 peresenti mu Meyi 2022, kenako ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, ndipo aliyense amene anali pakati pa ntchito yomanga nthawi imeneyo akhoza kukusimbirani momwe bajeti inasungunukira. Yendani m'tauni muwerenge nyumba zomwe zinaima pa silabu yoyamba, zitsulo zitaloza kumwamba, zachita dzimbiri. Zina mwa izo pamalo pake panali nyumba yomwe inkabweretsa kangachepe mwezi ndi mwezi. Fodya wako ndi uyo ali pamphuno.

Palinso ichi, chomwe eni nyumba zosanja sakonda kuchitchula: wogula sakwera masitepe. Mashopu a pansi amapeza anthu msanga, koma zipinda za pamwamba zimadikira maofesi, ndipo maofesi ofuna malo sachuluka ngati ogulitsa zovala ndi mafoni. Ukawerengera phindu ngati kuti chipinda chilichonse chidzakhala ndi munthu chaka chonse, wadzinamiza wekha.

Kumbukiraninso kuti mu 2018 bungwe loyang'anira ntchito zomangamanga la NCIC linaika malamulo oletsa njerwa zootcha ndi nkhuni pa nyumba za boma ndi zamalonda, pofuna kuteteza mitengo. Ndiye yatsopanoyo idzakhala ya mabuloko a simenti. Njerwa za agogo zinadya kale nkhuni zake zaka makumi asanu zapitazo. Kuziphwanya n'kuzitaya kudzala ndi kutaya mitengo imeneyo kachiwiri.

Kugwetsa kuli ndi nthawi yake. Maziko akamayendabe, makoma akapendekeka, nyumba ikakhala pa dambo, kapena ikakhala kuti anaisinthasintha mpaka palibe chakale chatsala, kuikakamira ndi kuika miyoyo ya anthu pachiswe. Zikatero gwetsani, koma gwetsani ndi manja. Njerwa zomangira dothi zimazuka zathunthu, zitseko ndi mafelemu a mitengo yolimba sizipezekanso pamsika. Jambulani mbali zonse, yezani, khalani pansi ndi akuluakulu afotokoze mukujambula mawu pa foni, ndipo zithunzi zina mukasiye ku nyumba yosungira zakale ya kuno ku Mzuzu. Ku Johannesburg, pomanga khoti lalikulu loona za malamulo oyendetsera dziko pamalo pa ndende yakale ya Old Fort, anatenga njerwa za mbali ya ndende yomwe anagwetsa n'kumangira khoti lomwelo, lomwe linatsegulidwa mu 2004. Msuweni wanga anakaona yekha, n'kunditumizira chithunzi.

Kungoisiya momwe iliri

Iyi palibe anaitchula pa msonkhano, koma ndi yomwe takhala tikuitsata zaka zonsezi, ndipo ndi yomwe mabanja ambiri amatsata. Nyumba amaiduladula ndi mapulayiwudu: apa saluni, apa wa Mpamba ndi Airtel Money, apa wokonza mafoni. Aliyense amakoka nthambo yake, aliyense amakhoma misomali pomwe wafuna. Lendi imagawidwa tsiku lomwe yalowa, yokonzera nyumba osatsala. Denga likadontha amaika beseni.

Njirayi ilibe mtengo lero, n'chifukwa chake imakoma. Koma imathera kumodzi mwa kuwiri: kugwa kapena moto. Ife a ku Mzuzu moto timaudziwa. Msika wa Taifa wapsa kangapo, ndipo mu Disembala 2015 laibulale ya Mzuzu University inapsa ndi mabuku pafupifupi 45,000. Zengerezu adalinda kwawukwawu.

Kuitseka ngati chikumbutso

Mtima wa mayi aang'ono unali apa: tichotse alendi, tibwezeretse mashelefu ndi sikelo, sitolo ikhale momwe agogo anaisiyira. Anafunsanso ngati boma silingaiteteze.

Lamulo lilipo, la Monuments and Relics Act la 1990, ndipo limayendetsedwa ndi nthambi ya boma yoona za zinthu zakale ndi zipilala. Nyumba ikalengezedwa kuti ndi yotetezedwa, munthu sangaigwetse kapena kuisintha popanda chilolezo. Chitetezo chimenecho n'chofunika pa nyumba zomwe mbiri yake ndi ya dziko lonse. Koma chikalata sichigula malata. Ngakhale ku Zanzibar, komwe tauni yakale ya Stone Town ili m'kaundula wa UNESCO wa malo ofunika pa mbiri ya dziko lonse lapansi kuyambira 2000, mbali ina ya nyumba yotchuka ya House of Wonders inagwa mu Disembala 2020.

Nyumba yoonetsera zakale imafunanso chokopa anthu. Ya ku Karonga, yomwe inatsegulidwa mu 2004, ili ndi chifaniziro cha mafupa a chinyama chakalekale chija cha Malawisaurus, ndipo ana asukulu amapita pa basi kukachiona. Ife tikanaonetsa chiyani? Sikelo ndi mabuku a ngongole. Kwa ife n'zamtengo wapatali, koma sizingalipire mlonda.

Choopsa kwambiri n'chakuti nyumba yotseka imafa msanga kuposa yokhalamo anthu. Mazenera akapanda kutsegulidwa chinyezi chimakhazikika, mileme imalowa m'siling'i, kudontha kumatha nyengo yonse ya mvula popanda wokuona, chiswe chimagwira ntchito mosasokonezedwa. Kenako akuba amazula mafelemu. Ndinawauza mayi aang'ono mosabisa kuti njira yawoyi, ngakhale ndi ya chikondi, ikanafikitsa nyumba pomwe amalume ankafuna, kungoti mochedwerapo.

Kuikonza n'kuipatsa ntchito ina

Apa ndi pomwe mtima wanga unakhazikika, ndipo ndikhalapo pang'ono.

Nyumba zakale zomwe zapulumuka m'dziko muno, zambiri zapulumuka chifukwa zikugwirabe ntchito. Mandala House inali ya kampani ya African Lakes. Lero pansi pali malo omwera khofi ndi oonetsera zojambula, pamwamba pali laibulale ya Society of Malawi. Ku Livingstonia, Stone House ya 1903, momwe ankakhala mmishonale Robert Laws, inasanduka malo osungira zakale komanso ogona alendo, ndipo University of Livingstonia inayamba mu 2003 m'nyumba za mishoni. Ku Zomba, nyumba ya mkulu wa atsamunda ya 1886 inasanduka hotela ya Masongola. Chitsanzo chachikulu tili nacho pakhomo pomwe: Mzuzu University inalandira ophunzira oyamba mu 1999 m'nyumba za koleji yophunzitsa aphunzitsi ku Luwinga. Akanadikira kumanga zatsopano, ana angati akanaphonya sukulu?

Chinsinsi ndi kusankha ntchito yolingana ndi nyumba, osati kupotoza nyumba kuti ilingane ndi ntchito. Chigayo chimagwedeza makoma. Wowotcherera zitsulo ndi woika mafuta a galimoto amabweretsa moto. Malo ochapira amathira madzi pa njerwa zomwe zimadana ndi madzi. Koma shopu ya mabuku ndi zolembera, malo ogulitsira mankhwala, ofesi, matelala, kapena malo omwera khofi wathu wa kumpoto kuno, zonsezi zimakhala bwino m'chipinda chachikulu cha siling'i yotalika ndi makoma ochindikala, omwe masana amazizira, usiku n'kusunga kutentha. Injiniya uja anandipatsa muyezo wosavuta: chilichonse chatsopano chomwe mukuika mkati chikhale choti mawa mukhoza kuchichotsa osavulaza nyumba. Zogawira zipinda zikhale za matabwa, osati mabuloko. Zimbudzi ndi mipopi zipite kumbuyo, kunja kwa makoma akale. Mazenera achitsulo amapalidwa dzimbiri n'kupentedwa, safuna kusintha.

Ndipo khonde lisatsekedwe. Alendi oyamba omwe ndinalankhula nawo onse ankafuna kulitseka ndi magalasi kuti shopu ikule. Ndinakana. Pa khonde lathu pali telala wachikulire amene wakhalapo ndi makina ake a Singer kuyambira ndili ku pulayimale. Mvula ikayamba, a kabaza amakankhira njinga zawo pomwepo, amayi ochokera kumsika amatula madengu, ndipo anthu osadziwana amayamba kucheza, wina Chitumbuka, wina Chichewa, wina Chitonga, onse akumvana. Nyumba zatsopano zambiri zimafika mpaka m'malire a msewu ndi galasi lokhalokha, popanda pobisala dzuwa kapena mvula. Khonde ndi gawo la nyumba lomwe mwini wake amagawira mzinda, ndipo wobisala mvula nthawi zambiri amatuluka atagula kanthu.

Pa kakonzedwe, ndondomeko ndi iyi: denga, kenako madzi a pansi, kenako chiswe, kenako magetsi. Penti ndi yomalizira, ngakhale ndi yomwe aliyense amafuna kuyambira. Kwathu kuchotsa dothi lomwe linakwirira khoma ndi kukumba ngalande yotaya madzi kutali inali ntchito ya makasu ndi wilibala, koma ndi yomwe inachiza matenda aakulu.

Pali cholakwa chimodzi chomwe tinachita kale, chomwe ndikufuna ena asachibwereze. Zaka zingapo zapitazo khoma la kumbuyo litayamba kunyowa, tinaitana mmisiri wina. Iye anati mankhwala ake ndi pulasitala wa simenti wambiri, mchenga pang'ono, kuti madzi asalowe. Tinalipira mokondwa, khoma linasalala ngati mbale. Injiniya atagogoda ndi chala linkalira ngati ng'oma. Atabenthula, njerwa za kumbuyo kwake zinali zonyowa, zofumbutuka m'manja ngati chigumu. Anandifotokozera kuti njerwa zakale ndi dothi lake zimamwa chinyezi n'kuchitulutsanso kukacha. Simenti wolimba amatseka njira yotulukira, madzi okwera kuchokera pansi amatsekeredwa mkati, njerwa n'kuola. Khoma lotere limafuna pulasitala wa laimu ndi mchenga, wofewa, wolola khoma kupuma, ndipo pamwamba pake laimu wopaka, osati penti ya mafuta. Laimu timakumba m'dziko momwe muno, ku Balaka, koma pogula nenetsani kuti mukufuna womangira, chifukwa wothira m'munda ndi wina. Mmisiri uja sanachite mwadala. Anaphunzira pa nyumba za simenti zokhazokha. Amene amadziwa laimu ndi achikulire, ena anagwirapo ntchito ku mamishoni, ndipo akutha. Mukamupeza, muikeni mnyamata pambali pake.

Zofooka za njirayi nazo zilipo. Lendi imakwera, koma siingafike pa ya nyumba yosanja yodzaza. Pokonza nyumba yakale mumatulukira zomwe simunaziyembekezere: mukachotsa lata limodzi mumapeza mtengo wina wodyeka, choncho bajeti imafuna kansalu kapadera. Ndipo alendi ena amaona pansi pa kobra ngati umphawi, amafuna matailosi. Amenewo ndi a nyumba zina.

Kuwonjezera: pamwamba, kutsogolo kokha, kapena kumbuyo

Funso la msuweni wanga linali lisanayankhidwebe. Kukonza kokha kukanasunga nyumba, koma sikukanakwanira banja lomwe lakula chonchi. Ndiye tinayang'ana zowonjezera.

Kusanjika pamwamba pa makoma akale injiniya anakukana asanamalize kumva funso. Makoma omangira dothi, opanda lamba wa konkire wozungulira pamwamba pake (ring beam), anamangidwa kuti asenze malata, osati silabu ya konkire. Tilinso m'dera la zivomerezi. Za ku Karonga za mu Disembala 2009 zinagwetsa nyumba zambiri za njerwa. Kuti musanjike pamafunika zipilala zatsopano zoboola pansi ndi denga, ndipo pomaliza mwawononga nyumba yomwe mumati mukusunga, mwalipiranso kuposa kumanga pa malo opanda kanthu.

Ena amasiya khoma la kumaso lokha, kumbuyo kwake n'kugwetsa zonse n'kumanga chinyumba chachikulu. M'mizinda ikuluikulu ya kunja amachita, pomwe kumaso kuli zosemasema zokongola. Kwa sitolo yonga yathu ndi chikomekome cha nkhuyu. Kukoma kwake sikuli pa khoma la kumaso, kuli pa khonde, kauntala, kutalika kwa chipinda ndi fungo la sopo ndi palafini lomwe silinachokebe m'mashelefu.

Yotsala ndi kumanga kumbuyo, pa bwalo la nkhuku lija. Mapuloti ambiri akale ndi aatali, chifukwa eni ake ankagulitsa kumaso n'kumakhala kumbuyo. Nyumba yatsopano ikhoza kuima payokha, ndi maziko akeake, yosanja kamodzi, osakhudza yakale. Pakati pamatsala kabwalo kolowetsa kuwala ndi mphepo, komwe kakhozanso kukhala ndi mipando ya omwa khofi. Zofunika kusamala ndi zitatu: pokumba maziko atsopano musayandikire akale, madzi a denga latsopano asathire pa nyumba yakale, ndipo pakhale njira ya m'mbali yolowera anthu ndi katundu popanda kuboola sitolo. Kutalika kwake n'kokambirana ndi a mapulani ku khonsolo, makamaka poti bwalo la ndege lili m'kati mwenimweni mwa tauni yathu.

Ubwino wake waukulu ndi wa ndalama. Ntchito imayenda m'magawo, kumaso kukulowa lendi. Simenti akakwera mtengo mumaima kaye, osataya chilichonse. Kuipa kwake n'kwakuti zipinda za kumbuyo sizioneka kumsewu, choncho n'zoyenera maofesi kapena ogona, monga ophunzira a m'makoleji omwe amasowa malo chaka ndi chaka, osati mashopu. Ndipo ngati puloti yanu ndi yaifupi, njirayi kulibe.

Mapepala

Izi n'zosasangalatsa, koma njira zonse zapamwambazi zimakanika popanda izo. Lizi ili m'dzina la ndani, ndipo yatsala ndi zaka zingati? Kwathu inali ikadali m'dzina la agogo. Chuma cha masiye chili ndi lamulo lake la 2011, ndipo mpaka banja litalongosola za woyang'anira chumacho, palibe banki kapena mlendi wanzeru amene angaike ndalama zake pamenepo. Misonkho ya khonsolo ikhale yolipira. Kugwetsa, kuwonjezera ngakhale kusintha ntchito ya nyumba kumafuna chilolezo cha a mapulani.

Ngati banja lilibe ndalama zokonzera, pali kachitidwe kena: kupeza mlendi wa nthawi yaitali amene akonze nyumba, ndalama zake azidula pa lendi. Zimatheka, koma lembani zonse, ndi zomwe sayenera kukhudza. M'pangano lathu muli khonde, kauntala, mazenera ndi malo a telala. Gawo la lendi lipite ku akaunti yokonzera nyumba lisanafike m'manja mwa aliyense, ndipo osainira akhale awiri ochokera m'mabere osiyana. Pachibale pamafunika mapepala kuposa pa alendo.

Banja linakumananso mu Sepitembala, pa khonde lomwelo. Ndinafotokoza zonse, amalume akugwedeza mwendo. Tinagwirizana kuti denga ndi ngalande zithe mvula isanagwe, magetsi atsatire, ndipo pulani ya nyumba ya kumbuyo ijambulidwe chaka chamawa. Mayi aang'ono anapempha kuti sikelo ibwerere pa kauntala, ngakhale wolowamo adzakhale wogulitsa mabuku. Msuweni anati atumiza za malata, koma akufuna malisiti.

Sabata yotsatira, anyamata akuchotsa pulasitala wa simenti uja, panazuka njerwa imodzi yokhala ndi chidindo cha phazi la mwana, zala zisanu zooneka bwinobwino, zomwe zinaponda dothi lisanaume. Ndinawaitana amalume. Anaitembenuza kawiri, n'kuipukuta ndi mpango wawo.

"Ana tinalipo ambiri nthawi imeneyo," anatero. "Akhoza kukhala aliyense."

Anakaiika m'galimoto, pa mpando wa kutsogolo. Pobwerera anaima pakati pa bwalo la kumbuyo, nkhuku zikuthawa, n'kuyamba kuyeza ndi mapazi kuchokera ku mpanda.

"Iwe mphwanga, wati yosanja kamodzi? Kawiri sizingatheke?"